Timayimba tikaweruka kuntchito: kodi gulu lathu lili ndi malo m'nyimbo zauzimu?

Wowerenga wina wa ku Area 25 watilembera motere:

"Zikomo aphunzitsi. Ndine mtsogoleri wa gulu loyimba nyimbo zauzimu. Tilipo anthu 14, ndipo aliyense ali ndi zochita zake: aphunzitsi awiri, namwino mmodzi, ena amagulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka, wina amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ine ndimagwira ntchito ku Kanengo. Timakumana Lachitatu madzulo ndi Loweruka masana. Tsopano mnyamata wathu wa kiyibodi akuti tikungotaya nthawi. Akuti gulu losayimba tsiku ndi tsiku silingapite patali, ndiye tisankhe: tisiye ntchito tiziyimba basi, apo ayi iye achoka. Ena awiri agwirizana naye. Kutchalitchi nakonso akulu ena akudandaula kuti timasowa Lamulungu tikaitanidwa kwina. Tikufuna kujambula chimbale koma ndalama zikuvuta. Kodi magulu ngati lathuli ali ndi malo m'nyimbo zauzimu, kapena tikungodzinamiza?"

Achimwene, khazikani mtima pansi. Simukudzinamiza, ndipo pasapezeke wina mwa anthu 14 amenewo wolemba kalata yosiya ntchito chifukwa cha nkhaniyi. Ndakhala ndikuphunzitsa makwaya ndi magulu oyimba muno mu Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo funso lanuli limatuluka pafupifupi m'gulu lililonse limene layamba kumveka bwino. Likatuluka dziwani kuti mwakula. Anthu ayamba kukuitanani, ndipo ena mwa inu ayamba kuona kuti mphatsoyi ingathe kuwadyetsa.

Tiyambe tadzifunsa kuti amene amayimba nyimbo zauzimu m'dziko muno ndani kwenikweni. Wailesi ndi kanema zimationetsa anthu ochepa otchuka, mpaka timayamba kuganiza kuti nyimbo zauzimu ndi iwowo. Koma tayendani Loweruka masana ku Kawale, ku Chinsapo, ku Biwi, ku Mtandire kapena ku Area 23. M'matchalitchi, m'makalasi a sukulu, ngakhale pansi pa mitengo, mupeza anthu akugawana mawu, awa sopulano, awa alito, awa tena, awa besi. Pafupifupi onsewo Lolemba m'mawa amalawirira kuntchito, kumsika, kusukulu kapena kumunda. Maliro akagwa, amene amachezera usiku wonse ndi nyimbo ndi amayi a Chigwirizano, a Dorika, amayi a Chikatolika ndi makwaya a achinyamata. Pa ukwati, pa chinkhoswe, pa msonkhano wa chitsitsimutso, pa pepala sande, ndi iwo omwewo. Atati anthu amenewa angokhala chete mwezi umodzi, mipingo yathu ingazizire ngakhale wailesi zitapitiriza kuwulutsa nyimbo usana ndi usiku.

Sizinayambe lero. Amishoni amene anayambitsa ntchito imene lero ndi Sinodi ya Nkhoma anafika ku Mvera mu 1889, ndipo m'masukulu a mishoni kuyimba kunkaphunzitsidwa limodzi ndi kuwerenga. Wotsogolera nyimbo m'mudzi nthawi zambiri ankakhala mphunzitsi yemweyo, amene m'mawa anali m'kalasi, madzulo akuphunzitsa do re mi. Ngakhale magulu amene mayina awo amadziwika dziko lonse, ambiri anachokera m'njira yomweyi. Alleluya Band inayamba ku Balaka mu 1978 ngati gulu la achinyamata a pa parishi ya Chikatolika, ndipo m'menemo munadutsa a Paul Banda ndi mng'ono wawo malemu Lucius Banda. Ndirande Anglican Voices dzina lokhalo likukuuzani kuti ndi ana a mpingo. Konkuno kwathu kuli Kamuzu Barracks Gospel Singers, gulu lochokera kumalo a asilikali, anthu amene ntchito yawo yoyamba si kuyimba. Choncho mnyamata wanu akamati gulu la anthu apantchito silingapite patali, mbiri ya nyimbo zathu ikumutsutsa.

Pali ntchito zina zimene gulu ngati lanu limagwira zomwe woyimba wodalira nyimbo zokha sangazikwanitse, osati chifukwa choti ndi woipa mtima, koma chifukwa nayenso ali ndi lendi yoti alipire. Munthu wamba akamwalira ku Area 25, banja lake silingathe kulipira bandi. Inu mumapita chifukwa mumamudziwa, munkapemphera naye, ana ake mumawadziwa mayina. Nyimbo yoyimbidwa ndi anthu okudziwa imatonthoza mosiyana ndi yotuluka m'sipika. Chimodzimodzi kukaona odwala kuchipatala, kukacheza ndi akaidi kundende ya Maula, kapena kukayimbira agogo amene sathanso kufika kutchalitchi. Kumeneko kulibe kamera, kulibe wofupa, ndipo ndi kumene ine ndimaona kuti nyimbo zauzimu zikugwira ntchito imene zinabwerera.

Chachiwiri, inu ndinu sukulu. Masukulu ophunzitsa nyimbo ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ana ambiri a m'makwalala athu sadzafikako. Mtsikana amaphunzira kugwira alito osasokonezedwa ndi sopulano chifukwa anaima pafupi ndi mayi wina m'kwaya kwa zaka zingapo. Mnyamata amaphunzira kiyibodi chifukwa wina anamulola kuigwira pulakatisi ikatha. Ndikukhulupirira kuti wa kiyibodi wanuyo nayenso anaphunzira chonchi. Tikapanda kusamala magulu otere, kuyimba kwa mawu anayi kudzachepa, tidzatsala ndi munthu mmodzi ndi maikolofoni, nyimbo yonse itapangidwa pa kompyuta.

Palinso ufulu umene muli nawo umene mwina simuuona. Woyimba amene chakudya chake chimachokera m'nyimbo amakakamizika kuyang'ana zimene zikugulidwa. Ngati chaka chino anthu akufuna nyimbo zovinika zolonjeza madalitso, iye ayenera kupeka zomwezo. Inu mutha kuyimba nyimbo ya kulapa, nyimbo ya chisoni, nyimbo yodzudzula katangale ndi nkhanza za m'banja, kapena kutenga nyimbo yakale ya m'buku n'kuikonza bwino, osaopa kuti mawa mugona ndi njala. Ufulu umenewu mumaugula ndi malipiro a kuntchito kwanu. Mukasiya ntchito, nawonso upita.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zili bwino. Mnyamatayo pena akunena zoona. Gulu lokumana kawiri pa sabata limachedwa kuphunzira nyimbo zatsopano. Silingavomere kukayimba ku Mzuzu Lachiwiri. Namwino wanu akakhala pa ntchito ya usiku, mawu ena amaperewera. Oyimba anu abwino kwambiri adzakopedwa ndi magulu ena, ndipo ena adzapitadi. Izi ndi zoona, koma mankhwala ake si kusiya ntchito anthu 14 nthawi imodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kale woyimba ankapeza ndalama pogulitsa makaseti, kenako ma CD. Msika umenewo unatha. Lero nyimbo ikangotuluka imayenda pa WhatsApp, ndipo anyamata a m'timashopu amaiika pa memore khadi ya aliyense wofuna, mwini nyimbo osaona ngakhale tambala. YouTube ndi Facebook zimathandiza kuti mudziwike, koma ndalama zochokera kumeneko kwa gulu longoyamba kumene ndi zochepa zedi. Chotsala ndi mashowo ndi kuitanidwa. Showo imafuna holo, zokuzira mawu, jenereta poopa kuzima kwa magetsi, zotsatsa ndi thiransipoti, ndipo zonsezi mumalipira anthu asanalowe pakhomo. Zida zoyimbira zimachokera kunja, kotero kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zingwe, masipika ndi makiyibodi inakwera nayo. Kumbukiraninso 2020, pamene Covid-19 inachititsa kuti misonkhano ya anthu ambiri iletsedwe. Oyimba odalira mashowo okha anavutika koopsa, pamene magulu a anthu apantchito anangopuma kaye n'kudzayambiranso.

Ndiye chitani ichi. Tengani buku la msungichuma, muwonkhetse ndalama zonse zimene gulu lapeza pa miyezi 12 yapitayi. Chotsanipo za minibasi, za yunifolomu, za kukonzetsa zida. Zotsalazo gawani kwa anthu 14, kenako gawaninso pa miyezi 12. Chimene chituluke muchiyerekeze ndi lendi ya nyumba ku Area 25, thumba la chimanga ndi fizi ya mwana. Chitani zimenezi pamaso pa gulu lonse, modekha, osati pofuna kuchititsa wina manyazi. Kawirikawiri mkangano wa kusiya ntchito umathera pomwepo. Ngati mulibe buku lotere, ndiye kuti vuto lanu loyamba mwalipeza kale.

Tsopano za mnyamata wa kiyibodi, chifukwa ndikuona kuti mtima wa kalata yanu uli pamenepa. Musamutenge ngati woukira. Pagulu lonse, iye ndi amene luso lake lili ndi msika: amaitanidwa kumaukwati, kumasitudiyo, kumipingo ina. N'kutheka kuti iye alibe ntchito ina yokhazikika ngati inu, ndiye akamati tisiye ntchito tiziyimba, mwina chimene akunena n'chakuti iye akuvutika pamene inu mukulandira malipiro pakutha pa mwezi. Khalani naye pansi awiri, mumufunse mmene akukhalira. Maganizo anga ndi akuti gulu la anthu apantchito litha kukhala ndi munthu mmodzi kapena awiri amene nyimbo ndiyo ntchito yawo, ndipo amenewo azipatsidwa kangachepe kodziwika bwino nthawi iliyonse mukaitanidwa kolipira. Muloleninso aziyimba kwina masiku amene simukumana. Ena amati wotumikira Mulungu asalandire kanthu. Ine sindigwirizana nazo. Pa 1 Mbiri 9:33 timawerenga za oyimba a m'kachisi amene anamasulidwa ku ntchito zina chifukwa ankatumikira usana ndi usiku. Pa Nehemiya 13:10-11, Nehemiya anapeza kuti Alevi ndi oyimba abwerera aliyense kumunda wake chifukwa sankapatsidwa magawo awo, ndipo iye anadzudzula akuluakulu, osati oyimbawo. Komanso pa Machitidwe 18:3 Paulo ankasoka mahema uku akulalikira. Njira zonse ziwiri zili m'Malemba. Cholakwika ndi kufuna utumiki wa tsiku ndi tsiku kwa munthu amene simukumudyetsa, kapena kunyoza amene amadzidyetsa yekha kuti si wodzipereka.

Akasankhabe kuchoka, mutsanzikane bwino, mumupempherere, chitseko chikhale chotsegula. Ambiri amabwerera, ndipo ngakhale asabwerere, tsiku lina mudzamufuna ku situdiyo. Koma kuyambira sabata ino yambani kuphunzitsa munthu wachiwiri kiyibodi, ndipo pulakatisi iliyonse muziyimbako nyimbo zingapo popanda chida chilichonse. Gulu limene limasowa chochita magetsi akazima kapena wa kiyibodi akadwala lili pa ngozi. Abale athu a Seventh Day ationetsa kwa zaka zambiri kuti anthu anayi okha, opanda chida, atha kuchititsa tchalitchi chonse kukhala chete ndi kumvetsera.

Za nthawi, vuto la magulu ambiri si kuchepa kwa masiku koma kuwononga maola amene alipo. Mwagwirizana 5 koloko, anthu akufika 6 koloko, theka la ola likuthera kukambirana za yunifolomu, kenako mdima wagwa amayi akuthamangira kunyumba. Lilongwe ndi mzinda womwazikana. Wochokera ku Area 36 kuti afike ku Area 25 ayenera kukwera maminibasi awiri kudzera m'tauni, ndipo madzulo msewu umadzaza. Ngati muli ndi anthu otere, Lachitatu lisakhale la gulu lonse. Likhale la mawu: a sopulano akumane kwa mmodzi wa iwo amene ali pafupi, a besi chimodzimodzi. Loweruka ndiye muziphatikiza. Mphunzitsi wa nyimbo ajambule mawu a gawo lililonse pafoni n'kutumiza pa WhatsApp Lolemba, kuti wa kabaza azimvetsera podikira makasitomala, wa kaunjika azing'ung'udza ali pa benchi yake. Pofika Loweruka aliyense akhale akudziwa gawo lake, nthawi ithere kusalaza, kupuma pamodzi, kutchula mawu momveka ndi kumvetserana. Nkhani za ndalama ndi madandaulo zikhale ndi tsiku lake kamodzi pamwezi, zisamadye nthawi yoyimba. Ndaona magulu ochita chonchi akuposa magulu okumana kanayi pa sabata.

Onetsetsaninso kuti gawo lililonse lili ndi anthu osachepera awiri olidziwa bwino, ndipo nyimbo iliyonse ili ndi wotsogolera wachiwiri. Namwino wanu abweretse ndandanda ya mashifiti ake kumayambiriro kwa mwezi. Inunso a ku Kanengo mukudziwa kuti msika wa fodya ukatsegulidwa ena amaweruka mochedwa, ndipo mvula ikayamba ena amathamangira kumudzi kukadzala. Aphunzitsi amapanikizika nthawi ya mayeso. Ikani zonsezi pa kalendala chaka chikamayamba, ndipo zinthu zazikulu monga kujambula muziike m'miyezi imene ambiri ali omasuka.

Ndipo phunzirani kukana. Gulu likayamba kutchuka makalata oitana amachuluka, ndipo mtsogoleri amachita manyazi kubweza. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu amene wagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka pulakatisi ndi ukwati, Lamulungu ulendo wa ku Dedza kubwerako usiku, sangapirire miyezi yambiri. Amayamba kujomba, kunyumba kumayamba mkangano, kenako mumangomva kuti wasiya. Gwirizanani kuti pamwezi muzituluka kangati, ndipo pakhale sabata imodzi imene aliyense ali ndi banja lake.

Izi zikutifikitsa kwa akulu a mpingo. Dandaulo lawo lili ndi maziko. Ngati ena mwa inu ndi amene mumatsogolera nyimbo pa mapemphero, kusowa kwanu kumaoneka. Funso loti muyankhe moona mtima ndi ili: gululi ndi la mpingo, kapena ndi gulu loima palokha la anthu opemphera? Ngati ndi la mpingo, makalata okuitanani azidzera kwa abusa kapena kwa mlembi wa mpingo, ndipo mpingo uli ndi mawu pa maulendo anu ndi pa ndalama zanu. Ngati ndi loima palokha, makamaka ngati muli anthu a mipingo yosiyana, nenani poyera, ndipo musamagwiritse ntchito zida za tchalitchi ngati zanu popanda chilolezo. Magulu ambiri amakhala pakatikati, pofuna malo a pulakatisi ndi a mpingo, pogawa ndalama ndi oima paokha, ndipo mikangano imabadwira pamenepo. Pitani kwa abusa musanaitanidwe. Atengereni kalendala yanu ya miyezi itatu, muwalonjeze Masabata amene mudzakhalepo, makamaka a Mgonero, a Pasaka ndi a Khirisimasi, ndipo musunge lonjezolo. Abusa ambiri akaona ulemu wotere amasanduka okuthandizani.

Tsopano ndalama, pamene magulu abwino ambiri amafera. Chimene ndaona n'chakuti nthawi ya umphawi gulu limagwirizana, mavuto amayamba tsiku limene envelopu yoyamba yonenepa yafika. Lembani malamulo oyendetsera gulu panopa, mudakali okondana. Asachuluke, masamba awiri akwana. Anene kuti munthu amalowa bwanji ndipo amatuluka bwanji, chopereka cha pamwezi ndi zingati, ndalama zolowa zimagawidwa motani pakati pa thumba la gulu, thiransipoti ndi oyimba zida. Anenenso kuti kiyibodi, masipika ndi yunifolomu ndi za ndani. Ngati chida anagula ndi munthu mmodzi, lembani kuti ndi chake ndipo wangobwereketsa. Ngati munasonkherana, lembani kuti wochoka sanyamula kanthu. Dzina la gulu nalonso lembani kuti ndi la gulu, osati la amene analiganiza. Ndalama zisamakhale mu Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi, ngakhale akhale wokhulupirika chotani, chifukwa tsiku limene mwana wake wadwala usiku mwamuika pa mayesero. Tsegulani akaunti ya gulu kubanki yosayinira anthu atatu, ndipo msungichuma aziwerenga lipoti mwezi uliwonse pamaso pa onse.

Nyimbo zimene mumapeka nazo zili ndi eni ake. Malinga ndi lamulo la zokopera la dziko lino, limene linakonzedwanso mu 2016, wopeka nyimbo ali ndi ufulu pa nyimbo yake. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili konkuno ku Lilongwe, ndi limene limalembetsa nyimbo, kutolera ndalama kwa ozigwiritsa ntchito monga nyumba zoulutsira mawu, n'kugawira eni ake. Musanalowe mu situdiyo lembani pa pepala kuti nyimbo iyi mawu anapeka ndi uje, mayimbidwe anakonza ndi uje, ndipo onse asayine. Kenako pitani ku COSOMA mukafunse mmene mungalembetsere ngati gulu komanso ngati opeka. Ena amaona ngati kuchita zimenezi ndi kusowa uzimu. Koma ndaona abale opemphera limodzi atasiya kupatsana moni chifukwa nyimbo inatchuka ndipo aliyense akuti ndi yake. Ndipo mukafuna kujambula nyimbo ya munthu wina, ngakhale imayimbidwa m'makwaya onse, fufuzani mwini wake mupemphe chilolezo.

Za chimbale, langizo langa ndi loti musayambe ndi chimbale. Sankhani nyimbo imodzi kapena ziwiri zimene anthu amakupemphani kuti mubwereze mukamayimba, muziyeserere mpaka aliyense atha kuziyimba atadzutsidwa pakati pa usiku, ndiye mukajambule zimenezo. Nthawi ya mu situdiyo ndi ndalama, si malo ophunzirira nyimbo. Funsani mitengo m'masitudiyo angapo, ndipo mumvetsere ntchito imene pulodyusa anachitapo ndi makwaya, chifukwa kujambula anthu 14 n'kosiyana ndi kujambula munthu mmodzi. Ena amangotenga anthu atatu n'kuwabwereza pa kompyuta, gulu lonse n'kukhala ngati alendo pa nyimbo yawo yomwe. Gwirizanani mtengo wonse, tsiku lomaliza, ndiponso kuti mafayilo onse a nyimbo adzakupatsani. Lipirani mwa magawo, gawo lomaliza ntchito ikatha. Nyimbo zikatuluka zipititseni ku wailesi zimene zili pafupi nanu, monga Trans World Radio, Radio Alinafe, wailesi ya Sinodi ya Nkhoma, Zodiak ndi MBC, muone mmene anthu azilandirire. Ndalama zake zichokere m'zopereka zanu, m'chipereganyu cha gulu, kapena kwa anthu akufuna kwabwino a mumpingo. Katapila ayi, ndipo wina asaike nyumba kapena njinga yake yamoto chikole chifukwa cha nyimbo. Pokhazikitsa nyimbozo, tchalitchi chanu kapena holo ya sukulu yodzaza ndi anthu okudziwani ndi yabwino kuposa holo yaikulu ya m'tauni yokhala ndi mipando yopanda anthu ndi ngongole pamwamba.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Woyimba akasasa mawu kopitirira masabata awiri kapena atatu, akamamva kuwawa pomeza kapena poyimba, kapena akatsokomola magazi, asiye kuyimba apite kuchipatala, ndipo ngati n'kofunika amutumize ku Kamuzu Central kwa madokotala a zapakhosi. Aphunzitsi anu awiriwo ndi amene muwayang'anitsitse, chifukwa amakhala atafuula m'kalasi tsiku lonse asanabwere kudzayimba, ndipo fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala limawonjezera vutolo. Madzi akumwa ambiri, kuyamba ndi kutenthetsa mawu pang'onopang'ono ndi kupuma zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa dokotala. Wina akakubweretserani pepala la mgwirizano, kaya ndi pulodyusa, wokonza mashowo kapena woti aziika nyimbo zanu pa intaneti, musasayine tsiku lomwelo. Lipititseni kwa loya, kapena mukafunse ku COSOMA ndi ku bungwe la oyimba la Musicians Union of Malawi. Mkangano wa ndalama ukafika poti anthu sakulankhulana, itanani mkulu wa mpingo amene mbali zonse zimamulemekeza msanga, nkhani isanafike pa Facebook.

Chinanso chimene sindingachisiye, ngakhale simunafunse. Ngati m'gulu muli atsikana ndi ana a sukulu, udindo wanu ndi waukulu. Pulakatisi izitha kusanade, pa maulendo ogona pazikhala mayi wamkulu wowayang'anira, ndipo makolo azidziwa kumene ana awo ali. Mtsikana akadandaula kuti wina m'gulu, ngakhale mtsogoleri kapena woyimba amene mumamudalira, akumuvutitsa, musabise pofuna kuteteza dzina la gulu. Dziwitsani makolo ndi akulu a mpingo, ndipo ngati ndi mwana kapena pachitika nkhanza, nkhaniyo ipite kupolisi ku Victim Support Unit. Kwa apabanja, amuna kapena akazi awo aziitanidwa mukakhala ndi mwambo, adziwe anthu amene mnzawo amakhala nawo Loweruka lililonse.

Kodi ilipo nthawi imene munthu angasiyedi ntchito chifukwa cha nyimbo? Ilipo, koma imabwera kwa munthu payekha, osati kwa gulu lonse tsiku limodzi. Ngati kwa chaka chathunthu ndalama za nyimbo zakhala zikufanana ndi malipiro ake, ali ndi kena kosunga koti n'kumusunga miyezi ingapo, wakambirana ndi banja lake, ndipo ali ndi njira zingapo zopezera ndalama monga kuphunzitsa zida, kujambula anzake ndi kuyimba m'maukwati, ameneyo atha kuyesa. Awiri amene agwirizana ndi wa kiyibodiwo muwafunse mafunso amenewa mmodzimmodzi, mwachikondi, ndipo muwapemphe kuti adikire miyezi 12 mukulemba bwino ndalama zonse, kenako mudzaonenso limodzi.

Lachitatu likubwerali musanapite ku pulakatisi, muyimbireni foni mnyamata wa kiyibodi mukumane awiri. Loweruka mukatha kuyimba, msungichuma abwere ndi buku, mlembi abwere ndi pepala loyambira malamulo, ndipo musankhe anthu awiri oti akaonane ndi abusa sabata yamawa. Mukalemba malamulowo nditumizireni, ndidzawaona n'kukuuzani pamene pakufunika kuwonjezera.